Kodi mtsuko ulipodi, kapena chilipo ndi maatomu okha?

Funso lafika kuchokera kwa wophunzira wina wa Fomu 4, ndipo akuti: "Aphunzitsi athu a fizikisi anatiuza kuti chinthu chilichonse, ngakhale mwala, chinapangidwa ndi maatomu, ndiponso kuti mbali yaikulu ya atomu ndi malo opanda kanthu. Nditafika kunyumba ndinayang'anitsitsa mtsuko umene amayi amasungiramo madzi akumwa, ndipo ndinayamba kukayika. Kodi mtsukowo ulipodi, kapena chimene chilipo ndi maatomu okha, ndipo mawu akuti mtsuko ndi dzina chabe? Kodi alipo maphunziro amene amafufuza nkhani yotereyi?"

Maphunzirowo alipo, ndipo ndi akale kuposa fizikisi imene mukuphunzirayo. Ndi nthambi ya filosofi imene m'Chingerezi amaitcha ontology, ndipo ntchito yake ndi kufunsa kuti ndi zinthu ziti zimene zilipodi, zili m'magulu otani, komanso kuti tikamati chinthu chilipo timatanthauza chiyani. Yankho langa ndilinene poyambirira kuti musachite kulisaka: mtsuko wa amayi anu ulipo, maatomu aliponso, ndipo kukhalapo kwa maatomu sikuchotsa kukhalapo kwa mtsuko. Komabe ndingakunamizeni nditati nkhaniyi ndi yapafupi, chifukwa alipo anthu ozama m'maganizo, akale ndi a masiku athu ano, amene amatsutsa zimene ndanenazi, ndipo zifukwa zawo n'zofunika kuzimvetsa bwino tisanazikane.

Kukayika kwanuku kuli ndi zaka zoposa 2,400. Agiriki a mumzinda wa Miletus ankafunsa kuti gwero la zinthu zonse n'chiyani, ndipo Thales anati ndi madzi pamene Anaximenes anati ndi mpweya. Pambuyo pawo kunabwera Leucippus ndi Democritus wa ku Abdera, amene anabadwa cha m'ma 460 Khristu asanabadwe, ndipo awiriwa anaphunzitsa kuti ukamadula chinthu mobwerezabwereza umafika pa tizidutswa tosadulikanso. Mawu akuti atomu anachokera pomwepo, pakuti m'Chigiriki amatanthauza chosadulika. Democritus sanaime pakati panjira. Iye anati kutsekemera, kuwawa, kutentha, kuzizira, kufiira kapena kuyera kwa chinthu ndi zongogwirizana anthu, koma chimene chilipodi ndi maatomu ndi malo opanda kanthu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti munthu yemweyo anaona yekha pamene maganizo akewo anali ndi mng'alu. Sing'anga wachigiriki Galen anatisungira ndime imene Democritus amayerekeza maso, makutu ndi khungu zikudzudzula nzeru kuti umboni wake wonse imautenga kwa izo, choncho ikazigwetsa nayonso yagwa. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa tiwafunanso kutsogoloku.

Kwa zaka zambirimbiri maatomu anali maganizo chabe. John Dalton anawalowetsa mu kemisitiri mu 1808 pofuna kufotokoza chifukwa chimene zinthu zimaphatikizirana pa miyeso yokhazikika, komabe mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 akatswiri ena otchuka, monga Ernst Mach, ankati maatomu ndi njira yothandiza powerengera basi. Chimene chinatembenuza ambiri chinali kanthu kakang'ono. Mu 1827 Robert Brown anaona pa maikulosikopu kuti tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa timanjenjemera kosalekeza tikakhala m'madzi; mu 1905 Albert Einstein anawerengera mmene kunjenjemerako kuyenera kukhalira ngati tizidutswato tikugundidwa ndi mamolekyu a madzi, omwe ndi timagulu ta maatomu ogwirana; ndipo kuyambira mu 1908 Jean Perrin anayeza n'kupeza kuti ziwerengerozo zikugwirizana ndi zimene maso akuona. Njira zosiyanasiyana zowerengera zinkafika pa nambala pafupifupi imodzi, ndipo lero tikudziwa kuti magalamu 18 a madzi, ongopitirira pang'ono supuni yaikulu imodzi, ali ndi mamolekyu ochuluka ngati nambala 6 yotsatidwa ndi maziro 23. Mbiri imeneyi ikusonyeza mmene chinthu chosaoneka chimalowera m'kaundula wa zinthu zimene zilipo: timachivomereza pamene zimene tikuona sizikufotokozeka popanda icho, ndiponso pamene njira zingapo zosadalirana zikulozera komweko.

Nkhani ya malo opanda kanthu inachokera ku Manchester, mzinda wa ku England. Mu 1909 Hans Geiger ndi Ernest Marsden ankawombera tizidutswa totchedwa alpha pa timapepala topyapyala tazitsulo monga golide, ndipo pafupifupi tonse tinkadutsa, kupatula tochepa kwambiri timene tinkabwerera m'mbuyo. Mu 1911 Ernest Rutherford anafotokoza kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'kachigawo kapakati kotchedwa nyukiliyasi, kamene m'mimba mwake ndi mochepa ka 10,000 kapena kuposerapo poyerekeza ndi atomu yonse.

Katswiri wa zakuthambo Arthur Eddington anafika pomwe mwafika inupo. Pokamba nkhani ku Edinburgh mu 1927, iye anati anakhala pansi kuti alembe ali ndi matebulo awiri, lina lolimba limene analizolowera kuyambira ubwana, ndi lina la sayansi limene mbali yake yaikulu ndi malo opanda kanthu mmene mukuthamanga timagetsi tosaoneka, ndipo anati fizikisi yamutsimikizira kuti lachiwirilo ndilo lokha limene lilipodi. Patapita zaka khumi, mu 1937, mayi wina wa filosofi wa ku London, Susan Stebbing, anamuyankha, ndipo ine ndili kumbali ya mayiyu. Mfundo yake inali yakuti mawu akuti kulimba tinawaphunzirira pa zinthu ngati thabwa ndi mwala, kotero kuti ngati thabwa silolimba, mawuwo atha tanthauzo, ndipo sitingathenso ngakhale kunena kuti chinthu china n'chosalimba. Tebulo ndi limodzi, ndipo chimene sayansi yachita ndi kutiuza chimene chimalilimbitsa.

Mawu akuti malo opanda kanthu nawonso amasocheretsa, chifukwa amatipatsa chithunzi cha atomu ngati chikho chouma chokhala ndi nthanga zochepa zikugubuduka mkati. Elekitironi, kachigawo kopepuka ka atomu kokhala ndi mphamvu ya magetsi, si kanthanga. Malinga ndi fizikisi ya kwantamu, imene imafotokoza zinthu zazing'ono kwambiri ngati maatomu, elekitironi ya mu atomu ilibe kadontho kamodzi pomwe yakhala monga mmene mwala umakhalira pansi. Mkhalidwe wake umafalikira kuzungulira nyukiliyasi, ndipo kufalikira kumeneko ndiko kumapatsa atomu kukula kwake. Mukakanikiza chala pa mtsuko, maelekitironi a chala ndi a dongo amakanana, mwa zina chifukwa cha mphamvu ya magetsi, mwa zina chifukwa cha lamulo limene Wolfgang Pauli analipeza mu 1925, lakuti maelekitironi awiri sangakhale mumkhalidwe umodzimodzi. Kukanana kumeneko ndiko kulimba kumene chala chanu chimamva. Choncho aphunzitsi anu sananame, koma chiganizo chawo chikunena za pamene kulemera kwa atomu kwaunjikana, ndipo sichikunena kuti mtsuko ndi chinyengo cha maso.

Funso lanu lili ndi mbali ina yovuta kuposa imeneyi, ndipo siifuna n'komwe maatomu kuti ivute. Taganizirani mayi woumba mbiya. M'mawa wakanda dongo lake, masana waumba mtsuko, ndipo usanaume waona kuti khosi lapindika, n'kuuphwanya kuti akandenso dongolo. Dongo linalipo m'mawa, linalipo masana, liliponso madzulo, koma mtsuko unalipo kwa maola ochepa okha. Ngati mtsuko ndi dongo zili chinthu chimodzi, zatheka bwanji kuti china chithe china n'kutsala? Ngati zili ziwiri, zatheka bwanji kuti zinthu ziwiri zikhale pamalo amodzi nthawi imodzi, ndipo ukaziika pa sikelo kulemera kwake osawirikiza? Aristotle, amene anakhala ndi moyo kuyambira mu 384 mpaka mu 322 Khristu asanabadwe, anayankha kuti chinthu chilichonse chogwirika chili ndi mbali ziwiri, chopangira chake ndi kaumbidwe kake. Dongo ndilo chopangira, ndipo kaumbidwe ndiko kamachititsa kuti likhale mtsuko osati nkhali kapena njerwa. Kaumbidwe sikathiridwa m'dongo ngati mchere m'ndiwo, n'chifukwa chake sikelo siikaona. Komabe sikali m'mutu mwa munthu mokha, pakuti dongo lokhala ndi kaumbidweko limasunga madzi ndipo lopanda kaumbidweko silisunga.

Moto umawonjezera china. Dongo likatenthedwa kufika madigiri 500 kapena 600, madzi amene anali omangika m'kati mwa timiyala take amachoka, ndipo silingabwererenso kukhala matope ngakhale mutalinyika chaka chonse. Mtsuko wowotcha ukasweka umasanduka mapale, ndipo phale lalikulu limayamba ntchito ina yokazingira chimanga kapena mtedza. Mukasonkhanitsa mapale onse maatomu ndi omwewo amene anali mumtsuko dzulo lake, koma palibe mayi amene angawasenze kupita nawo kuchitsime.

Tsopano timve otsutsa. Peter van Inwagen, wafilosofi wa ku America, anasanthula mu 1990 funso looneka lachibwana koma lovuta kuliyankha, lakuti kodi zinthu zambiri zimapanga chinthu chimodzi pakachitika chiyani. Kugundana sikukwanira, chifukwa anthu awiri akagwirana chanza sasanduka chinthu chimodzi. Kumatirirana nakonso sikukwanira, pakuti ngakhale manja awo atamatidwa ndi ulimbo amakhalabe anthu awiri. Atayesa mayankho ambiri n'kuwapeza operewera, iye anagamula kuti tizidutswa timapanga chinthu chimodzi pokhapokha ngati zochita zake zikupanga moyo. Kwa iye nkhuku ilipo, mtengo ulipo, inunso mulipo, koma mtsuko palibe, ndipo chimene chili pakona ya nyumba yanu ndi tizidutswa tosanjika mwa kaumbidwe ka mtsuko. Maganizo ofanana nawo anamveka kalekale ku India, m'nkhani ya Abuda yonena za mmonke Nagasena, amene anafunsa mfumu Milinda kuti galeta limene yabwerapo n'chiyani, kodi ndi mawilo kapena goli kapena chiwalo china, mpaka anamvana kuti galeta ndi dzina limene timapereka ziwalozo zikalumikizidwa.

Anthu amenewa sakunena kuti amayi anu akusunga madzi m'maloto. Amavomereza kuti madziwo sakutayika, koma amati ntchito yonse ikugwiridwa ndi tizidutswa, ndipo kutchulanso mtsuko n'kuwerenga kawiri chinthu chimodzi. Mfundoyi ndimailemekeza, koma sindiivomereza. Mpeni umene wadula mtsukowo sungaime pa atomu, chifukwa atomu nayo ili ndi ziwalo: nyukiliyasi ili ndi mapulotoni ndi manyutironi, ndipo amenewa ali ndi tizidutswa tina totchedwa makwaki, amene Murray Gell-Mann ndi George Zweig anawaganizira, aliyense payekha, mu 1964. Ngati chilichonse chopanda moyo chokhala ndi ziwalo ndi dzina chabe, atomu nayonso ndi dzina chabe, ndipo chiganizo chakuti pali maatomu okha chadzigwetsa chokha. Wotsutsa wanzeru amavomereza zimenezi n'kutsikira pansi penipeni, pa tizidutswa topanda ziwalo, koma pansipo sapeza timiyala tolimba ta Democritus. Fizikisi ya masiku ano imafotokoza tizidutswa ngati kugwedezeka kwa zinthu zofalikira ponseponse zimene amazitcha fields, ndipo kulemera kwa makwaki atatu a mu pulotoni ndi pafupifupi 1 peresenti yokha ya kulemera kwa pulotoniyo, pamene kotsalako kumachokera ku mphamvu ya kuyenda ndi kukokana kwa za m'kati mwake. Ndiye kuti ngakhale pafupi ndi pansi pomwepo, kasanjidwe ndi kugwirana kwa zinthu kali ndi gawo lalikulu pa chimene chinthu chili, ndipo sindiona chifukwa chomveka chonenera kuti kasanjidwe kotero sikapanga kanthu.

Apa m'pamene mawu aja a Democritus akubwereranso. Umboni wa maatomu unatifikira kudzera mu maikulosikopu ya Perrin ndi m'timapepala ta golide ta ku Manchester, ndipo tili otsimikiza kuti zida zimenezo zinalipo kuposa mmene tingatsimikizire mfundo iliyonse ya filosofi yonena za nthawi imene zambiri zimapanga chimodzi. Wotsutsa angathe kumasuliranso chiganizo chilichonse m'mawu ake, koma ngati tizidutswa tosanjika mwa kaumbidwe ka mtsuko timachita zonse zimene mtsuko umachita, ndipo kasanjidwe kake kamayamba tsiku limene mtsuko waumbidwa n'kutha tsiku limene wasweka, ine ndimaona kuti wangopatsa mtsukowo dzina lalitali, koma sanauchotse m'dziko.

Pali pamene otsutsawa akunena zoona, ndipo sindibisa. Malire a zinthu si akuthwa monga mmene mayina athu amaonetsera. Eubulides, Mgiriki wa ku Miletus wa nthawi ya Aristotle, anafunsa za mulu: njere imodzi si mulu, ziwiri si mulu, ndipo kuwonjezera njere imodzi sikuoneka kuti kungasandutse chosakhala mulu kukhala mulu, nanga mulu wa chimanga umayamba pa njere yachingati? Mtsuko nawonso umatha pang'onopang'ono, mlomo kubenthuka, pansi kuperepeseka, ndipo palibe kachidutswa kamodzi kamene tingati kameneka katachoka mtsuko unatha. Khasu limene munthu amati ndi la agogo ake mwina linasinthidwa mpini katatu ndi chitsulo kawiri. Plutarch analemba kuti anthu a ku Athens ankasunga ngalawa ya Theseus pochotsa matabwa owola n'kuikamo atsopano, ndipo afilosofi ankatsutsana ngati inali ngalawa yomweyo. Thomas Hobbes anawonjezera mu 1655 kuti wina atatola matabwa akalewo n'kumanga nawo ngalawa ina, yeniyeni ingakhale iti? Pa mafunso otere ndimakhulupirira kuti mbali ina ya yankho imadalira cholinga chathu, kaya tikufuna chida cholimira kaya chikumbutso cha agogo. Koma kusowa kwa malire akuthwa sikutanthauza kusowa kwa chinthucho. Thupi lanu lomwe limasintha zopangira zake, pakuti maselo ofiira a magazi amakhala masiku pafupifupi 120 n'kulowedwa m'malo ndi ena, komabe inu amene munalemba funsoli ndinu amene mukuwerenga yankho lake.

Chichewa chathu chili ndi kanthu kena kothandiza pa nkhaniyi. Tikafuna kunena kuti chinthu chilipo timagwiritsa ntchito mawu a malo, pakuti timati pali, kuli, muli, kapena chilipo, chiliko, chilimo, ndipo potsutsa timati palibe, kulibe, mulibe. Koma ponena chimene chinthu chili, kawirikawiri timangoti ndi, monga pamene tikuti uwu ndi mtsuko. Chigiriki chakale chinkagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa zonse ziwirizi, moti Aristotle anachita kuchenjeza kuti mawu akuti kukhala ali ndi matanthauzo ambiri. Wafilosofi wa ku Ghana, Kwasi Wiredu, anaona zofanana ndi zathuzi m'chiyankhulo cha Akan, ndipo anati m'chiyankhulocho kukhalapo ndi kukhala penapake. Wansembe wa ku Rwanda, Alexis Kagame, mu 1956 anasanthula tsinde la -ntu m'Kinyarwanda, limene kwa ife ndi -nthu la m'mawu akuti munthu, chinthu ndi kanthu, ndipo anapezamo magulu anayi a zokhalapo, omwe ndi munthu, chinthu, malo pamodzi ndi nthawi, komanso mkhalidwe.

Galamala si woweruza wa zimene zilipo, ndipo Chichewa chomwecho chimatilola kunena kuti pali vuto popanda kuloza pamene vutolo lakhala. Komabe chimatikumbutsa funso labwino, lakuti ngati chinthu chilipo, chili pati? Mtsuko uli pakona ya nyumba. Nanga mphako ya m'kati mwake, imene ndiyo amayi anu anagulira mtsukowo? Mphakoyo ili ndi malo ake, ili ndi kukula kwake kumene tingayeze m'malita, imadzaza ndiponso imapungulidwa, komabe sinapangidwe ndi atomu ngakhale imodzi, ndipo dongo likasweka nayonso yapita. Mthunzi wa mtsuko ndi mng'alu wa pakhosi pake zili m'gulu lomwelo. Munthu amene wagamula kuti chilipo ndi chokhacho chopangidwa ndi maatomu amakakamizika kukana mphako, pamene mphakoyo ndi imene ikusiyanitsa mtsuko ndi chibuma. Zokhalapo sizili za mtundu umodzi: zina zimadalira zinzake kuti zikhalepo, monga mphako imadalira mtsuko, mtsuko umadalira dongo losanjika mwa njira inayake, ndipo dongo limadalira maatomu ake. Mmene ine ndimaionera, ntchito yopindulitsa kwambiri ya ontology ndi kulondola kudalirana kumeneku mosamala, chifukwa kunena kuti chinthu chimadalira chinzake n'kosiyana ndi kunena kuti palibe.

Mwina mungafunsenso ngati mtsukowo umakhalapo pamene palibe akuuona. George Berkeley wa ku Ireland, amene pambuyo pake anakhala bishopu, analemba mu 1710 kuti kukhalapo kwa zinthu zogwirika ndiko kuonedwa kapena kumvedwa, ndipo ankaphunzitsa kuti zimapitirira kukhalapo ife tikatseka maso chifukwa Mulungu amaziona nthawi zonse. Palibe kuyesa kwa mu labotale kumene kungamutsutse kotheratu, popeza kuyesa kulikonse kumathera pa kuona ndithu. Koma taonani chimene chimachitika usiku m'nyumba mwanu, makamaka m'nyengo yotentha ndi youma ya Okutobala. Madzulo amayi amathira madzi mumtsuko, ndipo onse amapita kukagona. Khoma la mtsuko wadongo lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, madzi pang'ono amadutsamo n'kufika kunja kumene amauma ndi mphepo, ndipo galamu iliyonse ya madzi imene yauma imachoka ndi kutentha kokwana majulo pafupifupi 2,400 (julo ndi muyeso wa mphamvu). Kukamacha madziwo amakhala atazizira ndiponso atachepa pang'ono, pamene a m'chigubu chapulasitiki chotsekedwa, otungidwa pachitsime chomwecho, sazizira mofanana. Berkeley akanati Mulungu ndiye wasanja zonsezi kuti tizione motero, koma kufotokoza kwapafupi n'kwakuti usiku wonse pakonapo panali chinthu chadongo chokhala ndi timabowo, chikugwira ntchito yake popanda munthu wochiyang'ana. Kusiyana kwa madzi awiriwo mungathe kukuyeza nokha mutabwereka themomita kusukulu kwanu, n'kuiviika mumtsuko ndi m'chigubu kamodzi madzulo ndi kamodzinso m'mawa.